Mpweya wa Nsomba za a Zubairu

Nditatsegula chitseko, madzi anandilonjera m'mapazi. Anali atadutsa pansi pa mipando n'kunyowetsa mkeka wonse, ndipo m'nyumba munali zii. Pampu sinkalira. Ndinaponya jumbo ya ndiwo pakhomo pomwepo n'kuthamangira kumathanki a nsomba.

"Amayi! Pampuyi yatsika bwanji pansi?"

Apongozi anga anatuluka kuchipinda, mikanda ya tasibihi ili m'manja. "Ndatsitsa ndine, Rukiya. Chinthu chongolira ngati njuchi chikhale pamwamba pa Kurani? Astaghafirullah! Zaka zonsezi mukugona m'nyumba yotere?"

Amuna anga, a Zubairu, ankaweta nsomba zosadya. Kuno ku Liwonde, kumene mlamba wa mu Shire umagulitsidwa m'mbali mwa msewu, anthu ankatiseka kuti anzathu akuwotcha nsomba, ife tikuzigulira chakudya. Anayamba ndi thanki limodzi lagalasi, kenako awiri, mpaka anakwana asanu ndi limodzi, lililonse ndi kapampu kake kolowetsa mpweya m'madzi. Pabalaza sitinkamvana chifukwa cha phokoso. Atatopa ndi phokosolo, anatha mwezi wathunthu akusankha pampu imodzi yaikulu yoti ipumitse mathanki onse. Ankawerenga timiyala totulutsa thovu, kuyeza kuya kwa madzi ndi tepi yanga yosokera, kuimbira anzawo ku Blantyre. Pondifunsira ine banja sanaganize motalika choncho.

Itafika, anaikhomera shelefu pafupi ndi denga, n'kuilumikiza ku paipi yokhala ndi timipopi tisanu ndi kamodzi, kampopi kalikonse ndi kapaipi kake kotsikira m'thanki. Lamulo linali limodzi: isadzatsike pansi. Magetsi akathima iyo ili m'munsi, madzi amabwerera m'mapaipi n'kulowa m'mimba mwake. Kabati imene timaikapo Kurani inali pansi pa shelefuyo, koma tonse awiri sitinaganizepo.

Patangotha miyezi itatu anakwera basi ya ku Joni, ati chaka chimodzi chokha. Zinakwana zinayi. Mwana Mulungu sanatipatse, ndiye chimene anandisiyira ndi nsombazo. Lachisanu lililonse akatuluka mumzikiti ankaimba foni. Zofiira zija zikudya? Thanki lakuwindo likutulutsa thovu bwino? Za ine ankafunsa pomaliza, masiku ena osafunsa n'komwe. Sindinkadandaula. Ndinkawasowa mpaka m'chifuwa kuwawa, ndipo ndinkadziuza kuti munthu amene akufunsabe za nsomba zake, tsiku lina adzabwera kudzaziona.

Apongoziwo anachoka ku Nselema kudzachotsa ng'ala kuchipatala. Maso atangotseguka, choyamba kuchiona bwinobwino m'nyumba mwanga chinali pampuyo. Ine ndili kumsika, anakwera pampando, munthu wamkulu ngati uja, n'kuitsitsa pamodzi ndi paipi yake. Cha m'ma teni magetsi anathima.

Nditainyamula pampuyo, madzi anatuluka chuu, ngati m'ketulo. Unali mwezi wa Okutobala, malata akuthetheka ndi dzuwa. Mathanki anali ataphwa pafupifupi theka, nsomba zonse zili pamwamba, zikuyasamula. Ziwiri zinali zitagona kale chagada.

"Zikufa, amayi," ndinatero. "Zikatha izi, a Zubairu adzaimbiranso chiyani kuno?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali ndi maso awo atsopanowo. Iwo kumudzi anali atatha miyezi isanu ndi itatu osamva mawu a mwana wawo.

"Zikufuna chiyani?"

"Mpweya."

"Mpweya basi? Ndiye mukulirira chiyani, mwanangu? Pitani kwa akabaza, ali nayo pampu."

A Sufiyani, akabaza oyandikana nafe, anabwera ndi pampu ya njinga n'kuimangirira kupaipi ndi legeni. "Ine matayala ndapopa zaka teni," anatero akuseka, "koma kupopa nsomba ndiye ndaziona lero." Anatisiyira n'kubwerera kusiteji.

Ndinathira madzi a mumgolo m'mathanki, ndipo tinayamba kupopa. Mphamvu ya mikono sinkakwanira onse nthawi imodzi, choncho ndinkatseka timipopi titatu, kupumitsa a mbali ino, kenako n'kutembenuza. Ndikatopa apongozi ankalandira, iwo akatopa ndinkalandira ine. Nthawi ya swala tinaswali mosinthana. Palibe anaphika, palibe anapepesa mnzake. Pofika masana m'manja mwanga munali matuza, koma nsomba zinayamba kutsika, zofiira zija n'kumazungulira thovu ngati kale.

Dzuwa litapendeka, magetsi asanayake, ndinatuluka pakhonde n'kuimba foni. Linali Lachiwiri, tsiku limene sindinkayerekeza kuwasokoneza.

"Kwagwanji? Ndili pantchito," anatero a Zubairu.

Ndinawauza zonse, za Kurani, za madzi, za ziwiri zakufa zija. Ndinkadikira kuti akalipe. Kunena zoona ndinkafuna akalipe, andinene kuti ndine wosasamala, anene kuti pampu imeneyo palibe angaikonze koma iwo.

Anangoseka pang'ono. "Aa, zimenezo? Musavutike nazo, Rukiya. Zotsalazo mupatseni mng'ono wanga Latifu, magalasiwo muchotse, pabalaza papite mphepo. Kuno ndinagula zina kalekale. Thanki lalikulu, pampu yake simveka n'komwe."

"Nanga Lachisanu lililonse mumafunsiranji?"

Kumbuyo kwawo ndinkamva magalimoto a tauni imene sindinaionepo.

"Nanga ndizifunsa chiyani?" anatero motsitsa mawu. "Tidzalankhulana. Abwana akundiyitana."

Ndinaima pakhondepo foni ili m'manja. Kumsewu kondakitala ankaitanira anthu a ku Balaka, ndipo ine ndinalakalaka amuna anga kuposa tsiku limene anakwera basi. Ndinapukuta nkhope ndi mpango n'kulowa.

Apongozi anali atawerama papampu ya njinga ija, phazi limodzi litaponda pansi pake, mpango utagwera paphewa, imvi zili pamtunda. Thukuta linkadontha pachibwano. Sanasiye kupopa pondifunsa.

"Mwamupeza? Wakwiya nane?"

"Iyayi, amayi. Sanakwiye."

"Nanga akuti chiyani mwana wanga?"

Ndinayang'ana mathankiwo, kenako mikono yawo yoonda ikukwera ndi kutsika.

"Akuti tisasiye kupopa."

"Eyaa," anatero, nkhope ikuwala. "Ndimadziwa ine." Analavulira m'manja n'kuwonjezera mphamvu.

Legeni ija inali itayamba kumasuka, mpweya ukuthawira m'mbali. Ndinagwada pasimenti yonyowayo, n'kugwira polumikizirapo ndi manja awiri.