Mwala Wotsala pa Thanthwe

Pa damu la Kamphasa, ulendo wa ola limodzi panjinga kuchokera pa Sinda, pali lamulo limene palibe analilemba. Aliyense wofuna kulowa m'madzi amayamba waika mwala wake pa thanthwe la m'mbali mwa damu, ndipo akatuluka amautola ndi dzanja lake. Mwala ukatsala, ndiye kuti munthu watsala. Mwala wa mnzako sutola, ngakhale akhale mwana wobala wekha.

Lackson Banda lamulo limeneli analiphunzira ndi misozi. Ali ndi zaka zisanu ndi zinayi anaima pa thanthwe lomwelo mpaka dzuwa kupendeka, maso ali pa nsangalabwi yoyera imene inatsala yokha, ya bambo ake a Nikodemo. Thupi lawo linapezeka m'mawa mwake pakati pa mitengo yomira. Choncho atabwerako ku koleji ya uphunzitsi ku Chipata, achinyamata anamusankha kuti aziyang'anira mpikisano wosambira wa pa tsiku la ufulu, podziwa kuti iye yekha ndi amene angawerenge miyala kawiri osatopa nazo.

Mpikisanowo unkachitika pa 24 Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Wosambira aliyense ankamangirira chubu cha thirakitala m'chiuno ndi chingwe chachitali, kusambira kukakhudza mkuyu wa kutsidya, n'kubwerera. Machubuwo ankabweretsa ndi a Waziri, omata matayala pa Katete, amene anali bwenzi la ponda apa m'pondepo la malemu a Nikodemo.

Njira yake inali yokhota mwadala. Kumanzere kwa damu kunali manda a mudzi wakale, ndipo damu litamangidwa madzi anakwera n'kumeza nkhalango yonse ya mandawo. Mtengo wa kumanda sadula, choncho inangosiyidwa ili chiimire. M'chilimwe madzi akaphwera nsonga zake zimatulukira, zotuwa ngati mafupa, ndipo ngakhale mbalame sizikonda kuterapo. Wodutsa pamenepo akanafupikitsa ulendo, koma wodutsapo panalibe.

Tsiku limenelo Towela, mlongo wake wa Lackson, anaika pa thanthwe mwala wake wopaka kyutekisi yofiira, utoto wa m'zikhadabo. Pambali pake anaika Felix, mnyamata wa njinga yamoto amene ankamufunsira.

"Alamu," anatero Felix kwa Lackson, "lero mukonzeretu kansalu kopukutira misozi ya mlongo wanuyu."

"Ulamu unaugula kuti, iwe wosabwera ndi nkhuku yomwe kwathu?" anayankha Towela. "Ndikusiya pakati pa damu ukumwa madzi ngati ng'ombe."

Anthu anafa nacho chiseko, koma Lackson sanaseke. "Kumitengo ayi, Towela. Wamva?"

"Ndamva, achimwene. Mumanena chaka ndi chaka."

Lackson anawerenga miyala, inakwana khumi ndi inayi. Anawerenganso, kenaka anaimba wenzulo.

Madzi anachita thovu. Akumtunda anakuwa, ndipo kubwalo la mpira, pamwamba pa chitunda, zokuzira mawu zinali zitayamba kale kugunda nyimbo. Lackson anayesetsa kutsata mitu yonse, koma dzuwa linkanyezimira pamadzi moti patapita kanthawi mituyo inangosanduka timadontho takuda. Pobwerera, mnyamata wina anagwidwa ndi kukokana kwa minofu ya mwendo pafupi ndi gombe, Lackson n'kudumphira m'madzi kukamukoka. Pamene ankamaliza kumuwongola mwendo, ambiri anali atatuluka. Wopambana anali Febby, mtsikana wa ku Vubwi wobwera kudzacheza kwa azakhali ake, ndipo khamu linamunyamula m'mwamba kulowera kubwalo.

Lackson anathamangira pa thanthwe. Panali poyera, popanda mwala ndi umodzi womwe.

"Towela ali kuti?" Lackson anafunsa mtsikana wina amene ankafinya nsalu yake.

"Akhala watulukira kubango uko. Atsikana akusinthira komweko."

Mtima wake unakhala pansi, pakuti thanthwe silinanamepo. Anthu onse anakwera chitunda, pagombe n'kutsala iye ndi a Waziri akusonkhanitsa machubu.

"Alipo khumi ndi atatu," anatero Lackson.

"Ana akunkhuniza chimodzi," anatero a Waziri akupukuta thukuta ndi chipewa. "Chaka chatha ndinakachipeza kuchigayo. Usavutike nazo, mwana wa Nikodemo."

Apo m'pamene nyenje zinaleka kulira. Zinali zikulira chiyambire m'mawa, moti makutu anali atazizolowera, ndipo zitangoti zii zonse nthawi imodzi, Lackson anamva ngati wina wamuitana dzina. Mphepo kunalibe. Nyimbo za kubwalo zinkamveka ngati zikuchokera m'mudzi wina wakutali. Anacheuka.

Pakati pa thanthwe panali mwala.

Unali wonyowa, wokutidwa ndi ndere zobiriwira, ndipo madzi ankayenderera kuchokera pansi pake. Thanthwe linali lotentha moti phazi silikanapirira, koma kamtsinje kameneko sikankauma. Lackson anayandikira n'kugwada, manja ali kumbuyo, poopa kuukhudza. Pamene ndere zinang'ambika pankaoneka kuyera kwa nsangalabwi, ndi mizere iwiri yopingasana yozokotedwa ndi tupa. Anaikumbukira mizere imeneyo. Anaona ndi maso ake bambo ake akuizokota pakhonde.

"A Waziri," anaitana. "Tabwerani muone."

Mkuluyo anafika, anayang'ana, chubu chimene ananyamula n'kugwa pansi.

"Mwala uwu ndinauponya ndine," anatero motsitsa. "Titachoka kumaliro a bambo ako ndinabwera ndekha, ndinaukankhira m'chipewa ndi kamtengo, n'kukautaya pakati penipeni pa damu. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri zapitazo."

Lackson anayang'ana machubu khumi ndi atatu aja. Anayang'ana kubango, kumene sikunkamveka mawu a mtsikana aliyense.

"Mwala ukatsala," anayamba.

"Munthu watsala," anamaliza a Waziri, uku akutulutsa m'thumba mpeni wawo wodulira mphira.

Lackson anauluma mpeniwo n'kudziponya m'madzi. Sanatsate njira yokhota. Analunjika kumitengo, kumene sanafikeko chibadwire. Pamwamba madzi anali ofunda ngati a m'beseni losiyidwa padzuwa, koma atangodutsa mtengo woyamba anazizira mwadzidzidzi mpaka mano kuluma mpeni mwamphamvu. Nthambi zosaoneka zinkamukhudza m'miyendo, kumusisita, kumusiya. Fungo linali la dothi lokumbidwa kumene. Anafuna kuitana, koma mpeni unali kukamwa, ndipo mumtima anayamika, pakuti sanadziwe kuti akanayankha ndani.

Anamupeza Towela kuseri kwa thunthu lalikulu, malo osaoneka kuchokera kugombe. Chubu chinali chitabooledwa ndi nthambi, chitaphwa, chikuyandama ngati chikopa. Chingwe chinali chitakodwa pansi pa madzi n'kumukokera Towela m'chiuno, moti kunja kunangotsala nkhope yokha, yoyang'ana kumwamba, madzi akumugunda pachibwano. Milomo yake inkayenda koma mawu anali atatha.

Lackson anakoka mpweya n'kumira. Anatsata chingwe ndi dzanja mumdima wobiriwira, kutsika mpaka makutu kuwawa, ndipo anachipeza chitazungulira katatu pamphanda ya nthambi. Anacheka. Mpeni unaterereka, anachekanso, chifuwa chikuyaka moto. Chingwe chitaduka anatulukira pamwamba n'kumugwira mlongo wake m'khwapa, ndipo nthawi yomweyo thupi la Towela linalemera, ngati kuti pansi pake pachoka chinthu chimene chinkamuchirikiza.

A Waziri anawachingamira madzi ali m'chifuwa, atakankha chubu patsogolo. Pagombe Towela anasanza madzi, anatsokomola nthawi yaitali, kenaka anagwira mkono wa Lackson.

"Ndimafuna kumupitirira Felix," ananong'ona. "Pepani, achimwene."

"Khala chete, upume."

"Ayi, mverani. Chingwe chitandikoka ndinamira. Kenaka mapazi anga anaponda penapake, ndipo ndinakwera mpaka mphuno kutuluka. Ndinaimapo nthawi yonseyi."

"Inali nthambi," anatero Lackson.

"Nthambi siikhala yofunda, achimwene. Ndipo ndikamaterereka, inkasuntha n'kundibwezera pakati."

Kuchitunda kunamveka mapazi, Felix akutsika chothamanga, nkhope itatuwa. Anali atamufunafuna Towela kubwalo konse osamupeza. Atamuona ali gone pamchenga anaima, n'kutambasula dzanja pang'onopang'ono. M'chikhatho munali mwala wopaka kyutekisi yofiira.

"Ndinaganiza kuti watulukira kubango," anatero. "Ndinangoti ndimusungire, ndikamuseke nawo kuti wathawa manyazi mpaka kuiwala mwala wake. Alamu, ine sindinadziwe."

"Usanditchule alamu lero," anatero Lackson, osakweza mawu.

"Iwe mnyamata," anatero a Waziri, "unabadwira pano. Amene anakuphunzitsa kusambira sanakuuze kuti mwala wa mnzako sutola? Ukanamukwirira mtsikanayu ndi nthabwala yakoyo. Kaubwezere pomwe unautenga."

Felix anapita chowerama n'kukauika pa thanthwe. Towela anadzuka mochirikizidwa ndi mlongo wake, anayenda pang'onopang'ono, n'kuutola ndi dzanja lake, monga mwa lamulo.

Ndipamene Lackson analimba mtima kuyang'ana pakati pa thanthwe. Nsangalabwi ija panalibe. Panangotsala kabwalo konyowa ndi kachidutswa ka ndere, ndipo akuyang'ana choncho kabwaloko kanayamba kuchepa, kuuma kuchokera m'mbali.

"Felix, pamene umaika mwala wa Towela, unaona wina woyera apa?"

"Ayi. Panalibe kanthu."

Lackson anayang'ana a Waziri. Mkuluyo anapukusa mutu n'kuonetsa zikhatho zake zopanda kanthu.

"Ine sindinaukhudze. Watola mwini wake."

Nyenje zinayambanso kulira, imodzi kaye, kenaka zonse. A Waziri anamufunditsa Towela malaya awo, ndipo Felix anasenza machubu onse osauzidwa. Lackson anatsalira pang'ono. Anayendetsa maso pa thanthwe lonse kuchokera kumapeto mpaka kumapeto, kenaka anabwerezanso monga mwa chizolowezi chake. Kabwalo kaja kanali katauma.

"Mwatuluka, atate," anatero chapansipansi, n'kutsata mlongo wake kukwera chitunda.