Kope la Akhwangwala

Khwangwala uja anapendeketsa mutu, n'kuyang'ana timipira ta mpunga ndi diso limodzi, kenako n'kuyamba kudzikanda m'phiko ngati nkhaniyi sikumukhudza. Ketaki anasuzumira pawotchi. Zinali zitatha mphindi makumi atatu.

Linali tsiku lakhumi chimwalirireni bambo ake, a Dinkar Phadke, mphunzitsi wa sayansi wopuma pantchito. Abale anali atadzazana pamasitepe a mtsinje wa Krishna, maso onse pampungapo. Khwangwala akajompha, ndiye kuti malemu apita mtima uli m'malo. Akakana, pali chimene chawatsalira kukhosi, ndipo amoyo amalonjeza izi ndi izi mpaka mbalame itatsika.

Ngakhale maso anali otupa, Ketaki ankafuna kuseka, chifukwa malemuwo sankakhulupirira n'chimodzi chomwe mwa zimenezi. Kukachisi ankalowako pothawa mvula basi. Koma mwana wamwamuna analibe, ndiye mwambo unagwera m'manja mwa akulu awo, a Madhukar, munthu woti ngakhale kumeta tsitsi ankayamba wafunsa wansembe.

"Dinkar, mng'ono wanga," a Madhukar anafuula atagwira manja pamodzi, "mwana wakoyu timupezera mwamuna wa mtundu wathu. Tsika udye."

Khwangwala uja anauluka n'kukatera padenga la kachisi.

"Bambo aakulu, mwamuthawitsatu," anatero Ketaki.

"Iwe khala chete. Pakamwa ngati bambo ako." Kenako anatembenukira kwa amayi ake a Ketaki, a Sulabha. "Alamu, tisabisane. Vuto lili pamikono yanupo. Lero ndi tsiku lakhumi. Mkazi wamasiye amaswa zibangili, n'kufufuta kadontho kofiirako pachipumi. Amayi athu anatero, agogo athu anatero."

"Mng'ono wanu anati ndisadzavule," anayankha a Sulabha motsitsa mawu.

"Ananena ali moyo, asanaone za kumeneko. Pano waziona, n'chifukwa chake akukana kudya."

Azakhali ena anali atatola kale mwala. Ketaki anachita mantha. Ankadziwa kuti zibangili zobiriwirazo zikasweka, amayi ake sadzaitanidwanso kutsogolo paukwati wa munthu aliyense. Azidzakhala pakona, atavala zofwifwa, anthu n'kumawalambalala ngati ali ndi tsoka lopatsirana.

M'chikwama mwake munali kope limene analipeza m'kabati ya bambo ake. Kwa zaka khumi ndi chimodzi, bambowo ankabwera pano m'mawa uliwonse, n'kukhala pasitepe yapamwamba, n'kumalemba: dzina la malemu, kuchuluka kwa anthu, kutalika kwa pamene aima kuchokera pampunga, ndi mphindi zimene khwangwala wadikira. Pachikuto analembapo kuti, "Khwangwala samva malonjezo. Amangodikira kuti anthu asunthe."

Ketaki anawanong'oneza amayi ake. "Ndiwauza onse abwerere m'mbuyo mapazi khumi. Inuyo mulonjeze mokweza kuti simuvula. Mbalame itsika yokha, iwo aziti bambo avomereza."

A Sulabha anamuyang'ana ngati wawatukwana. "Bambo ako atha moyo wawo wonse akuchotsa bodza m'mitu ya ana a eni. Iwe ukufuna tiwatsanzike ndi bodza?"

Ketaki anagwidwa ndi manyazi. Nanga atani tsopano? Azakhali aja anali atayandikira, mwala uli m'manja.

A Sulabha anapisa dzanja m'kathumba kawo n'kutulutsa kachitini kadzimbiri.

"Alamu, penyetsetsani, musadzati ndinachita matsenga. Muno muli mtedza wokazinga. Mng'ono wanu akamaliza kulemba ankagawira mbalamezi, amati n'kulipira mboni. Ine sindikulonjeza kalikonse kwa aliyense. Ndipo zibangili sindivula."

Anakweza kachitini kaja n'kukagwedeza, mtedza ukuti kocho kocho, zibangili zikulira pamkono. Ketaki anaiwala mantha, n'kungoti maso mwamba, kufuna kuona ngati zitheke. Khwangwala woyamba anachokera padenga la kachisi. Awiri anatuluka mumkuyu. Posakhalitsa pamasitepe ponse panada bii, mapiko okhaokha ndi phokoso. A Sulabha anamwaza mtedza uja. Utatha, khwangwala mmodzi wothothoka nthenga m'khosi anadumphira pampunga, n'kujompha, anzake n'kutsatira.

"Ajompha," anatero wansembe amene anali pamwambowo, akupukuta thukuta ndi nsalu ya paphewa.

"Koma abwerera mtedza amenewa!" anakalipa a Madhukar.

"N'zimene mng'ono wanu ankanena masiku onse," anayankha a Sulabha.

Wansembeyo, amene banja lina linali likumudikira kale, anangokweza mapewa. "Mabuku amati khwangwala ajomphe. Za mmene waitanidwira sanenapo kanthu."

Azakhali aja anayang'ana uku ndi uku, n'kuika mwala uja pansi mwakachetechete. A Madhukar anangoima n'kumaonerera mbalamezo zikulimbirana mpunga, ina ikukweza mutu n'kumayang'ana kusitepe yapamwamba kumene kunalibe munthu.

"Ndiye kuti akhwangwalawa ankamudziwa, eti?" anafunsa pamapeto pake, mawu atasasa.

"Kuposa abale ena," anatero a Sulabha, koma sananene mwaukali.

Anthu atayamba kukwera kupita kumsewu, mayi ndi mwana anakhala pasitepe ija. Ketaki anatulutsa kope, n'kutsegula tsamba lomaliza limene usiku wonse wa maliro analephera kuliyang'ana kawiri. Panali mzere umodzi, wolembedwa ndi dzanja lonjenjemera la masabata omaliza: "Dinkar Phadke. Anthu: ochuluka, ndikuganiza. Mphindi:" Apo panali posalemba. Pansi pake anawonjezera timawu ting'onoting'ono: "Ine sindidzakhalapo. Wina alembe, kafukufuku asaime."

A Sulabha anawerenga, n'kuseka, misozi ikutsika.

"Zinakwana zingati?"

"Makumi anayi ndi ziwiri, Amayi."

"Ndipatse cholembera."

Anaika kope pabondo n'kulemba nambalayo mosamala, zibangili zikukhudza pepala.