Kachipewa ka Anotidaishe

Nyumba zakale za ku Darlington, mumzinda wa Mutare, zili ndi mabini okwirira pansi. Azungu amene anazimanga sankafuna kuona nyansi zawo, ndiye anakumba dzenje pafupi ndi geti, kuikamo chitini, n'kuvundikira ndi chitsulo. Kuti uzule chitinicho umayamba wawerama ngati wopepesa. A Makaiko anawerama chomwecho zaka makumi atatu, mpaka msana unakana kuwongoka.

Anthu a mabini ali ndi lamulo lawo. Chimene mwini nyumba wasiya pamwamba pa chivundikiro ndi mphatso, tengani. Chimene chili m'kati ndi zinyalala, chipite kumtaya. Chaka chija m'mashopu munauma, ambiri analiphwanya lamulolo, koma a Makaiko ayi. "Ine ndine wonyamula, si wotola," ankatero.

Lachiwiri lililonse, pa nyumba ya geti lobiriwira, ankapeza kaphukusi pachivundikiro: sopo, shuga, tsiku lina theka la buledi. Taison, mnzawo wa pa lole, ankawaseka. "Achimwene, pano pali wina akukufunani ukwati!" A Makaiko ankangosenza chitini chawo. Akanamuuza bwanji kuti wosiya phukusilo ndi Winifred, mwana wawo wachisamba?

Winifred anathawira kwa Nigel, mwana wa banja limene linagula nyumbayo mzungu atachoka nthawi yolanda mafamu. Kwa apongozi ake ananena kuti makolo ake anabwerera ku Malawi kalekale. Malawi wake uti, anthu ali kukomboni ya Sakubva, ku Mutare konkuno! Komabe musafulumire kumuweruza mtsikana amene wakula akunenedwa kusukulu kuti mwana wa mabini. Anawapempha bambo ake akulira: "Baba, mukafika pa geti musandipatse moni." Zinawawawa mpaka mumtima, koma anavomera.

Za mdzukulu anazidziwira m'bini momwemo. Munayamba kupezeka matewera, kenaka envulopu ya kuchipatala yolembedwa dzina loti Anotidaishe. Anaiwerenga ali chiweramire, osaikhudza, n'kukauza akazi awo a Loice, amene anali chigonere ndi chifuwa. A Loice anamasula juzi yawo yofiira n'kuluka kachipewa. "Chisanu cha Mutare sichifunsa kuti mwanayu ngwa ku Darlington," anatero. "Mukam'patse." Anamwalira mu Juni asanamuonepo mwanayo. Winifred anabwera kumaliro yekha, mobisa, kumsana kulibe kanthu.

Kuyambira pamenepo a Makaiko ankafuna chinthu chimodzi chokha, kumuona Anotidaishe atavala kachipewako, ngakhale kudzera m'mipata ya geti. Anakakulunga m'nyuzipepala, kumanga ndi chingwe, ndipo atakhuthula bini anakasiya pachivundikiro. Kwa iwo nkhani inali yomveka, poti pamenepo ndi pa mphatso. Anaiwala kuti mphatso za pachivundikiro zimayenda njira imodzi, kuchoka m'nyumba kupita ku lole. Kwa mwini nyumba, pepala lotsala lole itadutsa ndi chinyalala chimene anthu a mabini agwetsa.

Dizilo anasowa, lole inakhala masabata atatu osayenda. A Makaiko ankadzilimbitsa mtima kuti chibale ndi fupa, sichiola, Winifred akaona ulusi wofiirawo adziwa manja a amayi ake.

Tsiku lobwerera anatsika lole isanaimitsitse. Sopo anali pachivundikiro monga mwa masiku onse. Anamuika pambali, kuvundukula, n'kuwerama. Pakati pa makoko a nthochi ndi masamba a tiyi panali phukusi lija, litanyowa, mfundo yake ili yomwe ija anamanga okha.

"Imi vemabhini!" Anali apongozi ake aakazi a Winifred, akukuwira anthu a mabini m'Chishona ali pakhonde. Ankati asadzayesenso kusiya zinyalala pa geti lawo, tsiku lija anachita kutola okha. Kumbuyo kwawo kunaima Winifred, mwana ali kumsana, kamutu kali pamtunda pa mphepo ya Julayi. Nkhope ya mwanayo inaloza kukhoma.

A Makaiko akanangoti, "Winifred, amayi ako analuka," mwana akanavala. Koma banja la Winifred likanathera pa geti pomwepo. Anamuyang'ana, iye n'kugwetsa maso pansi.

"Pepani, amayi," anatero a Makaiko, atavula chipewa. "Sizichitikanso."

Kenaka anapisa dzanja m'bini, kutola phukusi lija, kulisasa masamba a tiyi, n'kulilowetsa m'ovololo cha pamtima. Taison anatsala kukamwa yasa.

"Achimwene, inu? Mwayamba kutola?"

"Ndayamba," anayankha.

Anasenza chitini, kukakhuthula, kuchibwezera m'dzenje mwake n'kuvundikira bwinobwino. Sopo uja anamuikanso pachivundikiro, n'kukwera lole.