Batani Lalitali pa Mfuti ya a Herbert

Mfuti inali imodzi, oifuna awiri. Eni ake, a Herbert, anasiya kuwombera msana utawavuta, ndiye inatsala m'manja mwa akazi awo Edwina ndi mng'ono wawo Thompson. Sinali mfuti yophera munthu. Inali pisitolo ya gasi yolavula timipira ta pulasitiki, yomwe ankawombera nayo chandamale pa kalabu ina ku Wakefield, m'nyumba yakale yosungiramo katundu. Timu ya kalabuyo yopita ku mpikisano ku Leeds inatsala ndi malo amodzi, ndipo alamu awiriwa aliyense ankati ndi ake.

Edwina, yemwe amagwira ntchito yosamalira okalamba, ndi wa manja aang'ono. Timipira tikatha, munthu amadina kabatani ndi chala chachikulu kuti magazini, nkhokwe ya timipirato, igwe, alowetse ina msanga. Chala chake sichinkafikapo. Choncho anagula batani lalitali pa intaneti, nachotsa lakalelo osauza munthu.

Thompson analiona Loweruka, tsiku losankha timu, atangotsegula chikwama.

"Alamu, chotupa ichi n'chiyani?"

"Batani. Maso muli nawo."

"Ndiye amene anapanga mfutiyi ndi opusa, anzeru ndinu otembenuza nkhalamba pabedi?"

"Si tonse tinabadwa ndi zala ngati chinangwa," anayankha Edwina, akuthira gasi m'magazini osamuyang'ana.

Anayamba ndi Thompson. Belu litalira anasolola mfuti, naigwira ndi manja onse awiri mwamphamvu monga mwa nthawi zonse. Chikhatho chake chachikulucho chinagona pa batani lija. Atangowombera kawiri, magazini inagwa pasimenti, phi! Timipira tinamwazikana mpaka kumapazi a anthu oonerera. Mmene ankalowetsa ina, nthawi inali itamuthera. Edwina sanaseke, koma sanabisenso kuti zamukomera.

Thompson anabwerera pathebulo nkhope ili gwa. Anapisa m'chikwama, napeza batani lakale pomwe Edwina analisiya, nayamba kumasula lalitalilo.

"Siyani zimenezo!"

"Mfuti ya achimwene anga iyi."

"Ya amuna anga."

"Inu munachita kubwera pabanja pano. Ine ndinabadwirapo."

Edwina anati alande, koma mzungu woyang'anira zowomberazo anali ataitana kale dzina lake. Pamalo pamenepo sadikira munthu. Thompson anamupatsa mfutiyo ili ndi kabatani kakale, akumwetulira.

Magazini yoyamba Edwina anaimaliza bwino, osaphonya ndi kamodzi komwe, moti mtima unayamba kumuuza kuti ku Leeds wafika. Atati asinthe, chala chinadina pachabe. Chinadinanso, osafika. Pamenepo dzanja linachita zomwe linazolowera kale: linatembenuza mfuti pang'ono kuti chala chifike. Kamwa la mfuti linapatuka, n'kuloza kumbali komwe kunaima woyang'anira.

Mzunguyo anakuwa kuti aime. Lamulo lake n'lodziwika: mfuti ikaloza kwa munthu, kaya ndi ya pulasitiki kaya ya chiyani, tsiku lako lathera pomwepo. Malo aja anatenga Abdul, woyendetsa basi wa ku Bradford, amene anawombera mosathamanga ndi mfuti yosasinthidwa kanthu.

Podikira basi, Edwina anatambasula dzanja.

"Batani langa."

Thompson analiponya m'chikhathomo. "Mukalibwezeretsa, ndidzalichotsanso."

"Mukadzaligwiranso, mudzadziwa kuti nkhalamba zija ndimazinyamula ndekha."

Kunyumba a Herbert anamvetsera onse awiri akulankhula nthawi imodzi, wina kuloza mnzake. Atatopa nazo anadzuka pang'onopang'ono, dzanja lili pamsana, natenga chikwama cha mfuti.

"Abdul adzafuna ina yapadera ku Leeds," anatero. "Ndimubwereka. Akabwerako, aisunge konko."

"Bambo a Junior!"

"Achimwene!"

A Herbert anakwera masitepe osacheuka. Thompson anamenyetsa chitseko n'kumapita. Edwina anatsala pakhonde lam'nyumba, jekete ili m'thupi, akufinya batani lija m'thumba, lopanda poliika.