Wogwada Ndiye Asankhe

Kalipentala analowetsa chikhadabo mumng'alu wa thabwa n'kupukusa mutu. Matabwa onse opondapo pangalawa ya matanga ija anali atadyeka, mitu ya misomali ili pamtunda.

"Matabwa a tiki satha msanga chonchi," anatero. "Amakwecha ndani?"

"Tsabola uyu," anayankha a Kaputeni, akuloza mwana wawo wamkazi ndi mlomo. "Amakwecha ngati akumenya mdani. Wandithera ngalawa."

Tsabola anamva kutentha m'makutu. Zaka zisanu ndi chimodzi, Loweruka lililonse, iye ali chogwada ndi ndowa, bambo ake ali khale pachiwongolero kusimbira alendo mbiri ya ngalawa. Lero wolakwa n'kukhala iyeyo?

"Tandionetsani mmene mumakwechera, achemwali," anatero kalipentala.

Tsabola anatenga bulashi yake yolimba n'kuiyendetsa motsata mizere ya thabwa.

"Vuto ndi limeneli. Tiki amafuna bulashi yofewa, ndipo mumakwecha mopingasa. Mukatsata mizere mumakumba mnofu wa thabwa. Anakuphunzitsani ndani?"

Tsabola anangoyang'ana bambo ake. A Kaputeni anayamba kuyendera chingwe cha thanga chomwe chinalibe vuto lililonse.

"Zapita zapita," anatero kenako. "Tiikenso tiki weniweni. Ine sindingaponde matabwa apulasitiki ngati ndaima m'beseni."

"Inu simugwada, bambo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndisankha ndine, ndipo ndikufuna apulasitikiwo, ongothira madzi basi."

Kalipentala anali atayala zidutswa ziwiri padzuwa kuyambira m'mawa, china cha tiki, china cha pulasitiki, zofanana ngati mapasa.

"Musanadyane, pondani apa opanda nsapato," anatero. "Apulasitikiwa savutadi kusamala, koma ali ndi khalidwe lawo."

A Kaputeni anaponda tiki n'kuima bwinobwino. Tsabola anaponda chinacho ndipo chinamuwotcha ngati chiwaya. Analuma mano.

"Palibe vuto," anatero.

"Nanga zalazo zikuvinira chiyani?" anafunsa bambo ake.

"Zikusangalala."

Anapirira pang'ono. Koma anaganiza za ana a alendo othamanga opanda nsapato, ndi bambo akewo, amene chibadwire chake sanawaonepo atavala nsapato pangalawa. Anatsika.

"Chabwino, amawotcha. Koma taonani apa."

Anakweza buluku n'kuonetsa mawondo ake, akuda, okhakhala ngati khungwa. A Kaputeni anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako anagwira m'mbali mwa ngalawa n'kutsika pang'onopang'ono mpaka kugwada, mafupa akulira thethethe. Anakoka ndowa.

"Mwati mopingasa, amisiri?"

"Mopingasa, bambo. Mofatsa."

Anakwecha kawiri katatu, maso ali pathabwa.

"Ndinakuphunzitsa zolakwika ndine, mayi," anatero, "ndiye lero ndakunamizira pamaso pa mlendo. Sankha iweyo. Ukasankha tiki, Loweruka lino ndi lako, linalo langa."

"Masabata awiri oyambawo anu."

"Mwanayu alibe chifundo, amisiri. Anatengera amake."

"Amayi akanati atatu."

Kalipentala anachotsa pensulo kukhutu n'kudikira. Tsabola anayang'ana bambo ake akupumira m'mwamba, asanamalize ngakhale thabwa limodzi.

"Lembani tiki," anatero. "Ndi mabulashi ofewa awiri."

Kalipentala atayamba kulongedza, Tsabola anamutsatira n'kutsitsa mawu.

"Mupezenso kapilo kogwadira, kokhuthala bwino. Musawauze kuti ndanena ndine."