Mabowo a Pansi pa Chitini

Fadhila ndi Mwiche, mbeta ya khomo loyandikana ndi lake ku Kanyama, anafesa nthangala za mandimu tsiku limodzi m'zitini za penti. Mvula itakula, mbande za Fadhila zinachita chikasu n'kuyamba kuyoyoka masamba, pomwe za Mwiche zinali biriwiri ngati wazipaka mafuta.

Zinamuwawa Fadhila. Anathira manyowa a nkhuku, anazisunthira padzuwa, koma ayi ndithu, dothi linkangonunkha chithaphwi.

"Ba Mwiche, mumaikamo chani?" anafunsa, akumwetulira ndi mano okha.

"Palibe, amake Jannat. Ni mwayi chabe."

Mwiche atapita kokatunga madzi, Fadhila ananyamula chitini chimodzi cha mnzakeyo, ndipo madzi anamudonthera kumapazi. Anachipendeketsa. Kani chinsinsi chinali mabowo otulutsa madzi! Koma mabowowo anawazindikira: osalala, ondondozana mozungulira, ndendende mmene mwamuna wake Salumu amaboolera mbaula zomwe amagulitsa.

Anapendeketsa chitini chake. Chinalibe bowo ngakhale limodzi. Chonsecho Salumu ankadutsa pa mbande za mkazi wake zakufazo m'mawa uliwonse, nyundo ili m'manja.