Nsanamira ya M'kabati

Tandiuzani inu ophunzira: n'chiyani chimasenza nyumba yonse pamutu, koma alendo akamabwera amachibisa m'kabati? Mwalephera? Khalani pansi.

Panali injiniya wina wofatsa, ntchito yake kuwerengera zitsulo ndi simenti kuti nyumba isagwere anthu. Tsoka lake, mlongo wake anakwatiwa ndi mkulu wojambula mapulani, mwini kampaniyo, yemwe anthu ankangomuti Bambo Maloto. Mlamu ndiye bwana, bwana ndiye mlamu. Ukadandaula kwa yani?

Bambo Maloto anajambula holo ya maukwati, magalasi mbali zonse, yopanda nsanamira ndi imodzi yomwe.

"Alamu, dengali lakula, lidzapinda pakati," anatero injiniya.

"Mantha amenewo, alamu! Mbalame munaiona ili ndi nsanamira?"

"Pansi pa mbalame sipavina anthu."

Anachonderera, anaonetsa masamu, anakana kusaina. Mlongo wake anabwera kudzalira m'khitchini: "Achimwene, mukufuna banja langa lithe?" Injiniya anawonjezera zitsulo mpaka pomwe nzeru zinathera, nasaina. Chakudya chinasiya kulowa. Akadutsa pamalopo ankayang'ana kumbali.

Amisiri atachotsa mitengo yochirikiza, kudenga kunaoneka mng'alu, wowonda ngati ulusi. Bambo Maloto anauona okha ndi maso awo. Analowa mu ofesi ya injiniya thukuta lili kamukamu, natseka chitseko.

"Ikani chitsulo chanucho, chikhale nsanamira. Koma muchiveke matabwa, chioneke ngati kabati ya maluwa. Mukaulula, mlongo wanu akapakire."

Chitsulo chinaimikidwa, denga linapuma, injiniya pakamwa anasoka.

Tsiku lotsegulira holo, Bambo Maloto anagwira maikolofoni, mimba patsogolo.

"Yang'anani m'mwamba! Denga louluka ngati mbalame, nsanamira palibe! Alamu angawa ankanjenjemera ngati nkhuku yonyowa. Tikanamvera iwo, bwenzi muno muli nkhalango."

Anthu anaseka, ena kumuloza. Injiniya anayang'ana mlongo wake, mlongo wake anayang'ana pansi.

Ndiye mayi mwini holo anadzuka.

"Zokongola ndithu, koma chikabatichi chikutchinga tebulo la akwati. Azibambo, tachikankhireni uko!"

Amuna amphamvu zawo anavula majekete, mapewa pakabati. Maikolofoni inagwa pansi kuti phu! Bambo Maloto anakuwa:

"Musakhudze! Mayo ine, denga ligwa! Muli chitsulo m'menemo!"

Ndipo Bambo Maloto, suti ndi tayi yomwe, anakwawira pansi pa tebulo, nsapato zokha zikuonekera.

Injiniya anayenda pang'onopang'ono, nawerama, natukula nsalu ya patebulo.

"Tulukani, alamu. N'chomanga ndi mabawuti, sichisuntha."

Woyamba kuphulika ndi phwete anali mkazi wa Bambo Maloto yemwe. Kenako wina kumbuyo anakuwa: "Mbalame ija yatera!"

Anthu anaseka mpaka kugwirana m'mapewa, ndipo mayi mwini holo, misozi ili mbwembwembwe, anatsamira pakabati pomwepo.